Wakuba wa Mme Tsegula

Mumsewu mwathu ku Rocklands mulibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Pachiphaso analemba Sebolelo Ramathe, koma kuyambira ana oyamwa chala mpaka abusa, tonse timati Mme Tsegula, ndiye kuti Mayi Tsegula. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ankaima pakhomo lakumbuyo la sitolo yaikulu ya m'tauni, lotulukira antchito, atavala juzi yabuluu ndi nsapato zachimuna, ndipo liwu lawo linali limodzi: "Tsegula." Ukatsegula chikwama ankapisamo dzanja mpaka m'chigongono, maso ali kudenga, zala zikuyenda zokha ngati zili ndi maso akeake.

Ine ndine Nthabeleng, wa nyumba yoyandikana ndi yawo. Chotilekanitsa ndi waya wofika m'chiuno. Ndinamaliza sukulu chaka chatha, ndipo podikira makoleji amene sayankha makalata ndaganiza zolemba za anthu a mumsewu uno, mmodzimmodzi, kuti wina akadziwe kuti kunonso kumakhala anthu. Ndinkafuna kuyamba ndi munthu amene ndimamukonda, koma nkhani imene ikundisowetsa mtendere ndi iyi.

Ndinene poyera kuti sindiwakonda. Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, amayi anga, a Disebo, anabwera kunyumba Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, nakhala pabedi osavula nsapato. Mme Tsegula anali atawapeza ndi soseji zinayi m'chikwama, soseji zoti tsiku lake linadutsa ndipo zinali zopita kudzala. Zaka khumi ndi chimodzi zosanja katundu m'mashelefu zinathera pomwepo. Chiyambire tsikulo amayi amakazinga magwinya, mandasi a kuno, pageti la pulayimale, mikono ili zipsera za mafuta zokhazokha, ndipo akakumana ndi Mme Tsegula pokwerera tekisi amalavulira kumbali.

Za moyo wawo ndikudziwa zotolatola. Anabadwira pafamu ina cha ku Thaba Nchu, kumene bambo awo ankameta nkhosa za eni. Anakwatiwa kamodzi, mwamunayo anapita kumigodi ya ku Welkom osabweranso. Anthu amati anathawa kusechedwa m'matumba. Mwana alibe. Kutchalitchi amakhala pabenchi yawoyawo, poti benchi ina iliyonse ili ndi munthu amene m'bale wake anachotsedwa ntchito ndi dzanja lomweli. Makatani awo amachapidwa Loweruka lililonse, ndipo mpira ukagwera m'bwalo mwawo umabwerera utaphwa.

Kumayambiriro kwa Malichi anapuma pantchito. Za phwando lotsanzikana tinamva kwa Ausi Pulane, ndiye kuti Achemwali Pulane, mnzawo wa amayi amene amalandira ndalama m'sitolo momwemo. Anabwera m'khitchini mwathu akuseka mpaka kupukuta misozi ndi kansalu ka mbale.

"Disebo, ukanakhalapo! Abwana awapatsa wotchi, ife tawapatsa bokosi lomanga riboni. Atsegula, apeza khola. M'kholamo kakhoswe ka azungu kaja, kofiirira, kamchira ngati njere ya mpunga, amati hamusita. Ndiye pamaso pa onse ndakaponyera njere za mpendadzuwa. Aa! Kangoti wolawola, zonse m'masaya, mutu kufufuma ngati anyezi. Ndati, 'Mme, takupezerani wakuba wanuwanu. Ameneyu muzimusecha mpaka kumanda.'"

"Ndiye anati bwanji mfitiyo?" anafunsa amayi.

"Anati zikomo. Nkhope gwa, ngati khoma la ndende. Koma kameneko sikamaliza mwezi. M'manja mwa amene aja simungaphuke ngakhale chisoso. Loweruka lomaliza la mwezi uno ndikubwera ndi fosholo, tidzaike maliro."

Tonse tinkayembekezera kuti akaponyera mphaka tsiku lomwelo. Koma mumsewu mwathu nkhani sigona panjira, ndipo ya fosholo inawafika. Mawa lake anatulutsa kholalo pakhonde, naliika pampando, nalankhula mokweza ngati akuuza mtengo wa mapichesi: "Chimene ndapatsidwa kuti ndilondere sichinasowepo." Kenako anakapatsa dzina. Anakatcha Pulane.

Moti m'mawa uliwonse msewu wonse unkamva: "Pulane, lavula! Pulane, mbava iwe, wabisa kuti?" Anyamata opita kusukulu ankachita kuima pageti kuti amve bwino, ndipo mawuwo anakafika mpaka kusitolo.

Ine ndinkaona zonse, chifukwa munthu wosowa kopita amakhala pakhonde. Sikisi koloko ikakwana ankakadzutsa kaPulane ndi chogwirira cha supuni, pamene kanyama kotere kamayenda usiku n'kumagona masana. Ankakhuthulira utuchi wonse panyuzipepala, n'kuupeta ndi zala mpaka kupeza pakona pamene kanaunjika njere zake. Zimenezo ankazisesa, n'kuzibwezera m'botolo. Akatero ankakapimira chakudya pachitsekerero cha botololo, n'kuima chilili kuti kadye iwo akuona. Kanyamako kankangolonga m'masaya. Apo ankakagwira pakhosi, n'kukafinya masaya ndi chala mpaka njere zigwe. Kankawaluma. Pofika sabata yachiwiri zala zinayi zinali m'mapulasitala, ndipo kaPulane kanali katayamba kuthothoka ubweya pamsana, kakumangotafuna mawaya a khola ngati kamisala.

Cholakwikacho ine ndinkachidziwa. Tili giredi naini aphunzitsi a sayansi ankasunga hamusita m'kalasi, ndipo kwa materemu awiri woidyetsa ndinali ine, poti anzanga ankanyansidwa nayo. Kanyama aka moyo wake ndi nkhokwe. Sikadyera pambale. Kamanyamula m'masaya, kukabisa, n'kumadya pang'onopang'ono kali kokha. Ukakaphwasulira nkhokwe tsiku ndi tsiku kamaleka kukhulupirira pansi, ndiye kamasunga m'kamwa osalavula, zakudyazo n'kumaolera momwemo.

Nditawauza amayi, anandiloza ndi chipande. "Utseke pakamwa. Amene anaphunzitsa amayi ako njala usamuphunzitse kuweta."

Sindinavutike kumvera. Kunena zoona, ndinkasangalala kudziwa chinthu chimene Mme Tsegula sankachidziwa.

Lachitatu la sabata yachitatu anandiyankhula, koyamba m'zaka zisanu. Ndinali kuyanika zovala, iwo ataima kuseri kwa waya manja ali kumbuyo.

"Iwe mwana wa Disebo. Akuti unkakhoza sayansi."

"Ankatero, Mme."

"Nanga bwanji uli pano kuyanika makabudula?"

"Ndikudikira ntchito yosecha anthu. Akuti pali malo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzidendene. "Pakamwa ngati amako. Tandiuza, khoswe akatupa tsaya limodzi, osaphwa masiku atatu, ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti waba, Mme. Musecheni. Mukapeza kanthu mumuchotse ntchito."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinamva kukoma mpaka m'mano, ndipo madzulo ndinawafotokozera amayi ndi Ausi Pulane mawu onse, ndikuyerekeza ndi kaimidwe komwe. Anaseka. Ausi Pulane anamenya tebulo.

"Mwana uyu ndi loya! Ndiye sunamve zonse. Mwini sitolo ya ziweto anaikamo kanyumba kogonamo, kagudumu kothamangiramo, ndi kapepala ka malangizo. Ine zonsezo ndinataya m'bini ya pasiteshoni. Akaweta bwanji popanda buku la malamulo amene aja?"

Amayi anasekanso, koma ine ndinaleka kuseka. Sikuti ndinawamvera chisoni Mme Tsegula, ayi. Ndinaganiza za kanyamako. Anthu khumi ndi awiri anasonkherana kugula chamoyo kuti chikafe pang'onopang'ono, iwo apeze choseka pa tiyi. Ndipo ine, amene ndinkadziwa, ndinali wa khumi ndi chitatu.

M'mawa amayi atanyamula chidebe cha magwinya, ndinatenga chikwama changa cha sukulu n'kukagogoda pageti limene sindinaligwirepo chibadwire. Mme Tsegula anatuluka atavala gauni. Anayang'ana ine, anayang'ana chikwama.

"Tsegula."

"Mme, ndikulowa, sindikutuluka."

"Tsegula."

Ndinatsegula. Dzanja lija linalowa, lomwe lija. Anatulutsa kabakuli ka majarini kamene ndinakaboola pambali, timachubu tiwiri ta pakati pa pepala la kuchimbudzi, ndi jakisoni wopanda singano amene amayi ankamwetsera mankhwala mlongo wanga ali khanda.

"Zinyalala," anatero. Koma anapatuka pakhomo.

M'khitchini mwawo munali mwaukhondo wochititsa mantha. Makapu atatu, onse zogwirira zitaloza kumodzi. Khola linali patebulo. KaPulane kanali katakhala pakona popanda pobisala, maso otsinzina theka, tsaya lamanzere lili tolotolo mpaka paphewa, ndipo ukayandikira pankamveka kafungo kowawasa.

"Munakapatsa chiyani kupatula njere?"

"Buledi wopaka chiponde. Kanali kakuonda."

"Wamata m'tsayamo. Simunaone kuti kakulephera kulavula?"

"Ndinaona kuti kakukana."

"Si onse amene akukana, Mme. Ena zimangowakanirira."

"Unabwera kudzalalikira kapena kudzathandiza?"

Ndinafunditsa madzi, n'kuwakoka m'jakisoni. Kusukulu ndinangoonerera aphunzitsi akuchita zimenezi kamodzi, ndipo kanyamako kanali kochepa moti ndinkamva mtima wake ukugunda m'chikhatho. Ndinadonthezera madzi pang'ono m'mbali mwa kamwa, koma pofuna kusisita tsayalo ndinalephera. Ndinkaopa kukathyola.

"Choka," anatero Mme Tsegula. "Ukugwira ngati ukufinya ndimu. Undiuze kumene chikuyenera kutulukira, basi."

"Kuyambira paphewa, kubwera nacho kutsogolo. Osafinya ngati mumachitira m'mawa muja. Kungochinyengerera."

Anamatula pulasitala wa chala chamkombaphala ndi mano. Anayang'ana kudenga. Chala chija chinayamba kuyenda patsaya la kanyamako pang'onopang'ono, mofewa moti sindinakhulupirire kuti ndi cha munthu yemweyu. "Pali ziwiri," ananong'ona. "Chofewa kutsogolo, kumbuyo kuli njere yopingasa." Ine ndinkadontheza madzi, iwo akusuntha. Panapita nthawi yoti tiyi akanazizira. Kenako kaPulane kanayasamula, kanakankha ndi kadzanja kake, ndipo panyuzipepala panagwa chibumu chotuwa chonunkha, pambuyo pake njere ya mpendadzuwa yosasenda.

Kanawaluma pomwepo. Iwo sanakuwe n'komwe.

Ndinaika kabakuli m'khola chozondotsa, ndi timachubu tija, n'kung'ambiramo mapepala ofewa. Kanyamako kanalowa m'kabakuli ngati kakuthawa mvula.

"Tsopano mumve, Mme. Utuchi wambiri, wofika apa. Masana musakadzutse. Chiponde ayi. Muzichotsa ponyowa pokha. Ndipo pamene kabisa chakudya musagwirepo."

"Ndiye kazingoba ine ndikuyang'ana?"

"Kakuba chiyani? Mwakapatsa nokha. Kakusunga chifukwa sikadziwa ngati mawa kudzakhala chakudya."

Anapukuta magazi pachala ndi kansalu. "Amako ankateronso."

"Eya. Ankatero. Tinalipo ana atatu."

Ndinkayembekezera kuti mwina apepesa, ndipo ndinali nditakonza kale mawu okanira. Koma anakoka mpando n'kukhala.

"Amako sankadziwa kuba. Ndilo linali vuto lawo. Pamwamba pa mutu wanga panali kamera, abwana akuonera muofesi. Chimene chili pansi pa chikwama chimadziwika ndi zala zanga zokha. Chimene chili pamwamba chimaonedwa ndi kamera. Disebo anaika soseji pamwamba penipeni, papepala loonekera, ngati akupita nazo kuchopereka. Ndikanatani? Nditseke maso a abwana?"

"Mukunama."

"Ukuganiza kuti zala zimene zapeza njere m'tsaya la khoswe zinkalephera kupeza nyama m'chikwama? Zaka zonsezo? Ndikanagwira aliyense amene ndinamukhudza, m'sitolo muja mukanatsala ine ndi mashelefu."

Ndinaimirira. Mkwiyo umene ndinamva unaposa wa poyamba. Kwa zaka zisanu ndinkadziwa kuti amayi anagwa chifukwa cha munthu wouma mtima, ndipo zimenezo zinkapirika. Tsopano ankandiuza kuti anagwa chifukwa chosachenjera, pamene akuba enieni ankadutsa.

"Bwanji simunawauze? Mumakhala khomo ndi khomo. Mukanangoti, Disebo, uziika pansi."

"Mlonda sauza munthu kabedwe."

"Ndiye khalani ndi khoswe wanu."

Potuluka sanandiseche. Ndinazindikira zimenezo nditafika kale kwathu.

Masiku otsatirawo sindinapiteko. Ndinkangoona pawaya. Khola silinkatulukanso m'mawa, ndipo mfuu ya "Pulane, lavula" inatha, anyamata a sukulu mpaka kudandaula. Ngati kanyamako kanali moyo kapena ayi, panalibe wodziwa, ngakhale ine.

Loweruka lomaliza la mwezi, cha m'ma teni, Ausi Pulane anatsika tekisi ndi azimayi ena awiri a kusitolo. Anavala duku lakuda. M'dzanja limodzi ananyamula fosholo ya ana yoseweretsa mumchenga, m'dzanja lina bokosi la nsapato lojambulidwa mtanda. Amayi anatuluka ndi mpando. Msewu unadzaza ngati kwagwa ngozi.

"Mme Ramathe!" anaitana Ausi Pulane pageti. "Tabwera kudzapepesa maliro. Thupi lili m'nyumba kapena kumochale?"

Mme Tsegula anatuluka atavala juzi yabuluu ija, atanyamula khola, naliika pampando wa pakhonde. Anthu anasunthira pafupi. M'kholamo munkaoneka utuchi, timachubu tiwiri, ndi kabakuli ka majarini. Kanyama ayi.

"Kali kuti?"

"Kagona."

"Kagona! Ngakhale agogo anga anagona, tinawaika kumanda a ku Phahameng. Vundukulani tione."

"Vundukulani! Vundukulani!" ana anayamba kuimba.

Ndinaona dzanja lawo likutsegula kachitseko ka khola. Linalowa, linakafika pakabakuli, zala zinagwira m'mphepete. Ndinkadziwa kuti ngati kali moyo, pansi pake pali nkhokwe ya masiku asanu ndi anayi, yoyamba imene kanyamako kanaloledwa kukhala nayo, ndipo kuivundukula pakati pa phokoso lotere kunali kubwerera poyambira. Ndinkadziwanso kuti munthu uyu moyo wake wonse sanasiyepo chinthu chovundikira pamene anthu akuyang'ana. Ndinafuna kukuwa, koma amayi anali pambali panga.

Dzanjalo linakhala pamenepo. Kenako linatuluka lopanda kanthu, n'kutseka kachitseko.

"Uyu sasechedwa," anatero.

"Mwamva? Kafa! Akubisa mtembo!" anakuwa Ausi Pulane.

"Pulane." Mme Tsegula sanakweze mawu, koma ana analeka kuimba. "Nyama ya nkhosa, Lachisanu lililonse, m'thumba la ambulera, pansi pa bokosi lako la chakudya. Tchizi m'sokosi ya mwana. Khirisimasi ija unadwala msana, unali ndi nkhuku yathunthu m'chipewa chaubweya. Ndipitirize? Zaka khumi ndi zinayi ndinkagwira ambulera yozizira ngati mtembo, kunja kulibe ndi mtambo womwe, ine n'kumati pita. Lero ukufuna ndivundukule? Ndiyambire kwa ndani?"

Azimayi awiri aja anayang'ana pansi, wina n'kuyamba kufunafuna kanthu m'foni. Amene anayankhula anali amayi, ndipo sanayankhule kwa Mme Tsegula.

"Zaka khumi ndi zinayi, Pulane? Iwe unkadziwa poika, ine osandiuza?"

"Disebo, usamvere mfitiyi..."

"Unkadya magwinya anga ulere m'khitchini mwanga, ukundipepesa."

Amayi ananyamula mpando wawo n'kulowa. Anthu anayamba kubalalika, ena akuseka Ausi Pulane, ena akutukwana Mme Tsegula kuti ndi kazitape ngakhale atapuma. Bokosi la nsapato linatsala pageti. Ndi ochepa amene anaona zimene ndinaona ine: pabowo la kabakuli panatuluka mphuno, kenako mutu wonse, masaya onse awiri ali tolotolo mofanana. Kanayang'ana chipwirikiticho, n'kubwerera.

Amayi atadziwa kuti kabakuli kaja kanachokera m'khitchini mwathu, sanandiyankhule masiku atatu. Ausi Pulane sabweranso kwathu. Pokwerera tekisi amayi amalavulabe kumbali, ndipo sindiwaletsa. Zimene Mme Tsegula ananena za kamera, theka la mtima wanga limazikhulupirira, theka lina limati munthu amene wakhala yekha zaka zonsezi wakhala ndi nthawi yokwanira yosula nkhani yomukomera. Soseji zinayi zija sanazipepese, ndipo sindikuganiza kuti adzatero.

Dzulo anandiitana pawaya, osati ndi dzina. "Iwe wa sayansi. Akuti pali kagudumu kothamangiramo makoswe amenewa, amagulitsa kuti?" Ndinawauza, iwo osathokoza.

KaPulane kanameranso ubweya. Madzulo dzuwa likapendeka amakatulutsa pakhonde, n'kuthira njere zodzaza dzanja, osapima. Kanyamako kamalonga m'masaya iwo akuona, kamathamangira m'kabakuli, kamabweranso kopanda kanthu, kamalonganso. Mme Tsegula amakhala pampando moyang'anizana nako, nsagwada zili gwa, manja onse awiri atawakhalira pansi pa ntchafu.